Kasokedwe ka kilt ya ku Scotland: kuyambira pa tepi mpaka pa simbi

Atelala ambiri odziwa ntchito yawo, amene suti ndi diresi laukwati amasoka mosavutika, akapatsidwa kilt, chovala cha amuna cha ku Scotland chonga siketi ya mapuliti kumbuyo, amagwa nayo. Kutsogolo imaoneka bwino ndithu. Koma mwiniwake akangotembenuka, mapuliti akumbuyo amakhala atayasamula, mizere ya nsalu ikukwera ndi kutsika, m'chiuno mutatupa, ndipo akamayenda kumbuyoko kumangoti nji, osagwedezeka monga kilt imachitira. Gwero la zonsezi ndi limodzi: amaisoka ngati siketi ya yunifomu ya kusukulu, kupinda mapuliti ofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, kuwapondereza ndi makina, basi yatha. Kilt siyenda choncho. Puliti iliyonse imachepa pang'ono pochoka pahipi kukwera m'chiuno, imasokedwa pamanja, ndipo m'kati mwake muli ntchito yambiri yosaoneka imene imanyamula kulemera kwa nsalu yonse.

Ofuna chovalachi pakati pathu alipo. Abale athu okhala ku Glasgow, Edinburgh ndi Aberdeen amakwatira m'mabanja a kumeneko, ena amachifuna pa tsiku lolandira digiri, ena pa chikondwerero cha Burns Night pa 25 Januwale kapena cha St Andrew pa 30 Novembala. Nsalu ya kilt ndi yodula kwambiri, ndipo mukaidula molakwika palibe pobwerera. Ndiye tsatani mwa dongosolo ili, osadumpha.

Zofunika kukhala nazo

- Nsalu ya tartan, yomwe ndi nsalu yamandalasi ya ku Scotland, ya ubweya wa nkhosa. Munthu wamkulu amafuna mayadi 8, omwe ndi mamita 7.3, a nsalu yopapatiza, kapena mayadi 4 a nsalu yotambalala mainchesi 54 mpaka 60, imene mudzaigawa pakati.
- Kanivasi yolimba ya m'majekete, yosoka ndi singano. Yomata ndi simbi ija ayi, imamatuka ndipo imaumitsa nsalu.
- Kansalu ka thonje kolimba, kosatamuka, kotambalala pafupifupi inchesi imodzi ndi theka, kodzagwira m'chiuno.
- Nsalu ya thonje yakuda ya layining'i, mita imodzi ikwana.
- Malamba achikopa awiri kapena atatu ndi zitsulo zake zomangira.
- Ulusi wolimba wa mitundu yofanana ndi mizere ya nsalu, ulusi wina wokhuthala wosokera malamba, ndi ulusi woyera wofewa wogwirizira.
- Singano zapamanja, chovala kuchala pokankha singano, mapini ambiri, choko cha telala, tepi, rula ndi sizasi yakuthwa.
- Simbi yolemera, nsalu yoyera yonyowetsa posita, ndi kathabwa kosalala kolemerako.
- Tebulo lalitali, pepala ndi pensulo. Masamu a kilt salembedwa m'mutu.

Kusankha nsalu

Nsalu ya kilt imagulitsidwa potengera kulemera kwake: ya maaunzi 16 ndiyo yolemera, ya 13 ndi yapakati, ya 10 kapena 11 ndi yopepuka. Ya 16 imagwira mapuliti bwino koposa ndipo imagwedezeka mokongola, koma ngati ukwati uli ku Malawi m'mwezi wa Okutobala, ine ndingamulangize munthu ya 13. Yopepuka ija ndi ya ana ndi ovina, pa munthu wamkulu imakwinyika msanga. Makampani odziwika a nsaluyi ndi monga Lochcarron of Scotland ku Selkirk, House of Edgar ku Perth ndi Strathmore ku Forfar. Poitanitsa nenani kuti ndi ya kilt, chifukwa mphepete yowomba ku fakitale ndiyo imakhala pansi pa chovalacho. Kilt yeniyeni sipindidwa m'munsi.

Mitundu ya tartan ndi yambirimbiri, ya mabanja, ya madera, ya magulu a asilikali, ndipo imalembedwa m'kaundula wa boma wotchedwa Scottish Register of Tartans, amene anayamba kugwira ntchito mu 2009. Ngati kasitomala akukwatira m'banja la ku Scotland, afunse apongozi kuti banjalo limavala iti. Ngati alibe banja lotero, Black Watch ndi Royal Stewart aliyense amavala. Balmoral ndi ya banja lachifumu, imeneyo isiyeni.

Musanakhudze nsalu yodulayo, gulani yamandalasi yotchipa pamsika muyeserepo mapuliti 10. Dzanja lizolowere kaye.

Kuyeza munthu

1. Yezani chiuno pamchombo, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la hipi. Apa ndi pamwamba kusiyana ndi pamene anthu amamangira buluku. Kokani tepi igwire thupi, chifukwa kilt imakhala ndi malamba ake okha, palibe china choigwira.

Chenjezo: musafunse munthu saizi ya buluku lake n'kulemba. Nambala imeneyo ndi ya malo ena pathupi.

2. Yezani hipi pamene pali potambalala kwambiri, tepi ili yomasukirako, zala ziwiri zikulowa. Ngati munthuyo ali ndi mimba yaikulu, pindani thaulo muliyike kutsogolo m'munsi mwa mimbayo kuti lidzaze mpata, ndiye muyeze pamwamba pa thaulolo. Mukapanda kutero nsalu yakutsogolo idzalowa pansi pa mimba ndipo idzakoka mapuliti a m'mbali.

3. Yezani kutalika kuchokera pamzere wa chiuno uja kufika pamwamba kapena pakati pa kafupa kozungulira ka pabondo. Munthuyo aime chilili, maso kutsogolo. Akawerama kuti aone tepi, muyeso wasintha kale. Pa nambala imeneyi onjezerani mainchesi 2 a nsalu yokwera pamwamba pa malamba.

4. Yezani kuchokera pachiuno kutsika kufika pamene munayeza hipi. Limeneli ndilo gawo la mapuliti limene lidzasokedwe, ndipo osoka kilt amalitcha fell. Nthawi zambiri limakhala pafupifupi limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwa kilt.

Tiyeni titenge chitsanzo choti tiyende nacho mpaka kumapeto, miyeso yonse ili m'mainchesi: chiuno 36, hipi 42, kutalika 22 kuphatikiza 2 kukhala 24, fell 7 kuchokera pachiuno.

Masamu a mapuliti

Pano ndi pamene kilt imakomera kapena kuwonongekera, choncho khalani pansi ndi pepala.

5. Gawani chiuno ndi hipi pawiri, gawo lakutsogolo ndi gawo la mapuliti. Kutsogolo kuli nsalu ziwiri zosapinda zosanjikizana, epuloni yapamwamba ndi epuloni yamkati. Thupi la munthu limalowa m'kati kumsana ndipo limatuluka pahipi, ndiye mapuliti amatenga zocheperako m'chiuno. M'chitsanzo chathu, epuloni ikhale 18 ndi theka m'chiuno ndi 21 pahipi, mapuliti akhale 17 ndi theka m'chiuno ndi 21 pahipi.

6. Yezani sett. Mukayang'ana tartan muona kuti mizere imayenda mwa dongosolo lake kenako n'kuyambiranso. Kuchokera pakati pa mzere wina woonekera bwino kufika pamene dongosolo lonse layambiranso pa mzere womwewo, ndiyo sett imodzi. Tinene kuti yathu ndi mainchesi 7.

Chenjezo: mzere wofanana mtundu ukhoza kubwera kawiri m'sett imodzi. Yang'anani mizere yoyandikana nawo mbali zonse ziwiri musanatsimikize.

7. Sankhani kapindidwe. Njira zodziwika ndi ziwiri. Yoyamba ndi yotsata mzere umodzi: puliti iliyonse imaonetsa mzere womwewo pakati pake, monga amachitira asilikali a ku Scotland. Puliti iliyonse imadya sett imodzi. Yachiwiri ndi yotsata sett yonse, kuti kumbuyo kuoneke mandalasi omwewo amene ali kutsogolo ngati kuti nsalu sinapindidwe. Pamenepa puliti iliyonse imadya sett imodzi kuphatikiza kutambalala kwa puliti. Njira yachiwiriyi ndi yokongola, koma pa kilt yanu yoyamba tengani yoyamba. Ili ndi mavuto ochepa ndipo kulakwitsa kumaoneka msanga, nthawi yokonza ikadalipo.

Posankha mzerewo, pindani mapuliti 5 kapena 6 ndi mapini, imikani nsaluyo pampando, bwererani m'mbuyo mapazi angapo muyang'ane. Mzere woyera kapena wachikasu umene umakongola pafupi ukhoza kuphimba mitundu ina yonse mukaima patali. Yesani mizere iwiri itatu, mwiniwake asankhe.

8. Werengani mapuliti. Mayadi 8 ndi mainchesi 288. Maepuloni awiri, zopindira m'kati mwake ndi mapuliti awiri akuluakulu a m'mbali zimadya pafupifupi 90. Mukachotsa 92 patsala 196, ndipo 196 kugawa ndi 7 ndi mapuliti 28. Tsopano gawani miyeso ya kumbuyo ndi 28. Pahipi, 21 kugawa ndi 28 ndi 3/4 ya inchesi. M'chiuno, 17 ndi theka kugawa ndi 28 ndi 5/8 ya inchesi. Kusiyana kwake ndi 1/8 chabe pa puliti imodzi, kochepa moti diso silingaone, koma mukakuphonya pa mapuliti onse 28 mwasokoneza mainchesi atatu ndi theka, ndipo kilt sidzagwira m'chiuno.

Kudula ndi kulemba ndi choko

9. Ngati nsalu ndi yotambalala, yezani mainchesi 24 kuchokera kumphepete yowomba, dulani motsata ulusi umodzi kutalika konse. Chitaninso chimodzimodzi kuchokera kumphepete inayo. Kansalu kotsala pakati musataye, ndi ka lamba wapamwamba, mphonje ndi tomangirira zitsulo.

10. Ikani zidutswa ziwirizo motsatizana, mphepete yowomba ili kumbali yanu. Chidutswa chachiwiri chizungulitseni chili chigonere patebulo, osachigadabuza. Yang'anitsitsani nsaluyo pafupi, muona timizere ting'onoting'ono topendekeka m'kawombedwe kake. Timeneti tipendekere mbali imodzi pa zidutswa zonse ziwiri, ndipo mizere yopingasa ikumane.

Chenjezo: tartan zina, monga Buchanan, mizere yake imayenda mbali imodzi yokha, sibwerera. Mukagawa nsalu yotere n'kuizunguliza, dongosolo la mizere limatembenuka ndipo theka la kilt silifanana ndi linzake. Pa tartan yotere itanitsani mayadi 8 athunthu a chidutswa chimodzi.

11. Nsalu ili choyang'ana kumwamba, mphepete ili kwa inu, dongosolo lake ndi ili: kumanzere kwenikweni kudzakhala mphonje, kenako epuloni yapamwamba, kenako mapuliti, ndipo kumanja epuloni yamkati. Akavala, mphonje imagwera kudzanja lamanja la mwiniwake. Lembani ndi choko mizere iwiri yopingasa, wa chiuno pa mainchesi 2 kuchokera pamwamba ndi wa hipi pa mainchesi 9.

12. Siyani mainchesi 8 kapena kuposerapo kumanzere opindira m'kati. Sankhani mzere woonekera bwino ukhale pakatikati pa epuloni, ndipo muyeze theka la muyeso mbali iyi, theka mbali inayo, m'chiuno ndi pahipi. Kuchokera pahipi kutsika, epuloni izitambalala pang'onopang'ono mpaka kuonjezera inchesi imodzi ndi theka mbali iliyonse pansi. Epuloni yowongoka ngati chitseko imakoka puliti yoyamba n'kuitsegula.

13. Pambuyo pa epuloni siyani puliti yakuya, yoposa inzake kawiri kapena kuyandikira pamenepo, yobisika pansi pa epuloniyo. Imeneyi ndiyo imapatsa mwendo malo munthu akakhala pansi. Kenako lembani pakati pa mzere wanu wosankhidwa pa mapuliti onse 28, ndi manambala ake. Kumapeto siyaninso nsalu ya puliti yaikulu yoyang'ana kwina, ndiye mulembe epuloni yamkati mofanana ndi yapamwamba.

Kusoka mapuliti

14. Pindani m'mbali mwa epuloni yapamwamba motsata choko, muisanjike pa puliti yoyamba. Milomo ya mapuliti onse iyang'ane kumanja, kumene kuli epuloni yamkati. Puliti iliyonse imagona pamwamba pa yotsatira.

15. Pa puliti iliyonse yezani ndi rula: 3/4 pahipi, 5/8 m'chiuno, mzere wanu uli pakatikati. Kuchepako kuchoke mbali zonse ziwiri mofanana. Mukachotsa mbali imodzi yokha mzere umapendekeka, ndipo mizere 28 yopendekeka imaonekera patali. Kuchokera pachiuno kukwera mainchesi 2 aja musapitirize kuchepetsa, pitani mowongoka, chifukwa pamwamba pa chiuno nthiti zimayamba kutambalala.

16. Bayani mapini pa mzere uliwonse wopingasa kuti ukumane ndi unzake wa puliti yotsatira. Yambani kusoka pahipi kukwera pamwamba. Singano itole ulusi umodzi kapena uwiri pamlomo penipeni pa puliti, ilowe pansi, idutse nsalu yapansiyo, itulukirenso pamlomo patsogolo pang'ono. Timisoko tikhale tating'ono, 8 kapena 10 pa inchesi, ndipo mukakoka ulusi uzimire m'nsalu. Poyambira pahipi bwerezani katatu pamalo amodzi, pakuti mpamene pamayamba kuthothoka. Nsalu ikhale yokokedwa pamene mukusoka. Ambiri amaipanikiza pansi pa ntchafu kapena kuibaya ndi pini pa pilo wolimba, dzanja lamanzere likukoka.

Chenjezo: nsalu yapamwamba imakonda kutsetsereka pamene mukukwera. Mukafika pa mzere wopingasa uliwonse imani muone ngati wakumana. Wasemphana ngakhale ndi ulusi uwiri, masulani pomwepo. Pa puliti ya nambala 20 mudzakhala mutatopa ndipo mtima udzakuuzani kuti palibe adzaone. Adzaona, chifukwa kumbuyo kwa kilt ndi kumene anthu amayang'ana mkwati akaima kutsogolo m'tchalitchi.

17. Pa msoko wa puliti yachiwiri siyani mpata pa mzere wa chiuno, wokwana kudutsa lamba wanu wachikopa. Limbitsani pamwamba ndi pansi pa mpatawo. Apa ndi podzatulukira lamba wa epuloni yamkati, kudzanja lamanzere la wovala.

18. Mukamaliza mapuliti 5 alionse, yezani onse pamodzi. Asanu akhale 3 ndi 3/4 pahipi, 3 ndi 1/8 m'chiuno. Ngati mwapitirira, vuto mulipeze tsopano.

19. Mukafika pothera chidutswa choyamba, lumikizani chachiwiri m'kati mwa puliti, mobisika, mizere yopingasa itakumana ndi mphepete zapansi zitalingana. Msokowo upindeni ndi kuusoka pamanja kuti ugone.

20. Puliti yomaliza ikatha, pindani m'mbali mwa epuloni yamkati kuti mlomo wake uyang'ane kumanzere, ukumane ndi mlomo wa puliti yomalizayo. Nsalu yotsala igone m'kati mbali zonse ziwiri. Sokani kuyambira pahipi kukwera.

Kugwirizira

21. Yalani kilt patebulo. Kuchokera pahipi kutsika mpaka pansi, puliti iliyonse ikhale 3/4 ndendende, osachepa osakula. Gwirizirani ndi ulusi woyera mizere inayi kapena isanu yopingasa, kuyambira pansi. Ulusi umenewu ukhalapo mpaka ntchito yonse itatha. Ndi umene umaletsa mapuliti kuyasamula posita.

22. Pindani ndi kugwirizira m'mbali mwa maepuloni. Pa epuloni yapamwamba, dulani kachidutswa pa nsalu yapakati ija, kofanana mizere ndi epuloni, kalowetseni m'mbali yakumanzere, sokani, ndiye musolole ulusi woimirira mpaka patuluke mphonje ya theka la inchesi kapena kuposerapo pang'ono. Pansi pa puliti yakuya ndi pa ngodya ya epuloni yamkati nsonga zimakonda kusuzumira m'munsi, zipindeni pang'ono m'kati musoke.

Ntchito ya m'kati

Gawo ili ndi limene ambiri amalumpha poti silioneka. Kilt ya mayadi 8 ndi yolemera, ndipo malamba akamakoka tsiku lonse, popanda zam'katizi misoko ya mapuliti ndiyo imanyamula zonse mpaka kutamuka.

23. Tembenuzani kilt. Pafupifupi inchesi imodzi pamwamba pa mzere wa hipi, sokani mzere wopingasa wolumikiza puliti iliyonse ndi zinzake za pansi pake, ndi ulusi wolimba, singano isatulukire kunja. Osoka kilt amati steeking. Umenewu ndi umene umagwira mapuliti kuti asagwe mukadula nsalu ya pamwamba pake.

24. Tsopano muyeseni mwiniwake, musanadule nsalu ya m'kati mwa mapuliti. Mukulungeni, gwirani ndi mapini, ayende, akhale pansi. Ngati pali pokonza, nthawi yake ndi ino.

25. Pamwamba pa steeking, dulani nsalu yochuluka ya m'kati mwa mapuliti, kusiya pafupifupi theka la inchesi kuchokera pamsoko. Izi ndi zimene zimachotsa kutupa kwa m'chiuno. Dulani puliti imodzi imodzi, chala chili pansi pa sizasi kuti mumve ngati mwagwira nsalu yakunja.

Chenjezo: puliti yakuya ndi puliti yoyang'ana kwina ija musadule. Pa puliti ya bowo la lamba siyani nsalu yokwanira kupindira ndi kusokerera m'mbali mwa bowolo.

26. Dulani kansalu kosatamuka kaja kutalika kofanana ndi chiuno cha mapuliti, 17 ndi theka, muonjezere pang'ono kuti kafike podzakhala zitsulo mbali zonse. Kagonekeni pa mzere wa chiuno, sokererani pa puliti iliyonse. Yezani ndi tepi musanasoke ndiponso mutasoka.

27. Ikani kanivasi. Kumbuyo iyambire pamwamba kufika pa steeking, ndipo poti malowa ndi opindika, ipindeni timapindo tating'ono kapena muidule zidutswa zosanjikizana kuti itsate thupi. Pa maepuloni ikani kanivasi yakuya mainchesi 4 kapena 5 kuchokera m'mbali kufika m'mbali, yolumikizana ndi yakumbuyo. Sokererani ndi misoko ikuluikulu yopendekeka, yosatulukira kunja. Zikatero kukoka kwa malamba kumayenda m'kanivasi kuzungulira thupi lonse, ubweya umangogona pamwamba.

28. Sokani lamba wapamwamba kuchokera pa nsalu yapakati ija, aoneke theka la inchesi kunja. Mizere yake ikumane ndi ya epuloni yapamwamba. Kumbuyo siingakumane, zimenezo n'zachibadwa.

Kusita

29. Nyowetsani nsalu yoyera, finyani, yalani pa mapuliti. Ikani simbi yotentha, kanikizani, nyamulani. Musaikhwekhwereze. Mukangonyamula simbi chotsani nsalu yonyowayo, ikani kathabwa kaja, kanikizani ndi thupi lonse mpaka nthunzi italowa ndi malowo atazizirako. Thabwalo ndi limene limanola mlomo wa puliti. Chitani kunja, tembenuzani, chitaninso m'kati. Gawo la fell lisiteni pa pilo wolimba kapena thaulo lokulunga kuti kupindika kwake kusaphwanyike. Pakati pa epuloni musaikepo mzere.

Chenjezo: simbi isakhudze ubweya popanda nsalu pakati, imasiya kunyezimira kosachoka. Ngati simbi yanu ndi yamakala, pukusani phulusa panja ndipo tsekani bwino, kakhala kamodzi kakagwera pa epuloni ntchito yonse yapita. Isiyeni kilt iume chigonere usiku wonse.

Malamba ndi layining'i

30. Sokani lamba mmodzi kumapeto kwa epuloni yamkati, pa mzere wa chiuno. Adzadutsa pabowo lija n'kumangidwa pa chitsulo chakumanzere. Wina sokani m'mbali mwa mphonje pa mzere womwewo, chitsulo chake chikhale kumanja. Boolani chikopa ndi chisongole kaye, ndipo ulusi udutse mpaka m'kanivasi. Zitsulo zimangirireni ndi tizidutswa ta tartan tofanana mizere ndi pamalopo, misoko ilowe mpaka m'kansalu kosatamuka. Muyeseninso munthuyo musanakhazikitse zitsulo, kuti kilt izigwira lamba ali pa bowo lachiwiri. Lamba wachitatu wa pahipi yakumanja ndi wokongoletsa chabe, mukhoza kumusiya.

31. Phimbani kanivasi yonse ndi layining'i, kusoka pamanja, yomasukirako kuti isakoke. Pabowo la lamba ing'ambeni ndi kupindira bwino. Pomaliza sololani ulusi woyera wonse, ndipo pamene wasiya timabowo pitsanipo nthunzi pang'ono.

Zolakwika zofala

Kutalika kopitirira ndiko kofala kuposa zonse. Kasitomala amene sanazolowere kuonetsa mawondo amapempha kuti mutsitse, telala n'kumvera. Kilt yophimba bondo imakhuza kuseri kwa miyendo poyenda ndipo imakumana ndi sokosi, pamene pakati pa ziwirizi payenera kuoneka bondo. Mufotokozereni asanakukakamizeni, chifukwa kutalikako kumadulidwa pamwamba pa chiyambi pomwe, simungadzakonze pansi.

Fell yotalika kapena yofupika imaonekanso msanga. Ikapitirira hipi, kilt imamanga ntchafu ndipo mapuliti sagwedezeka. Ikathera pamwamba pa hipi, mapuliti amatseguka ngati munthu waima chilili.

Ena amapitiriza kukulitsa mapuliti kuchokera pahipi kutsika pofuna kuti pansi patambalale. Zotsatira zake ndi mafunde kumbuyo. Kutambalala kumachokera ku maepuloni ndi mapuliti awiri akuluakulu a m'mbali, ena onse amatsika mowongoka.

Kuyeza hipi mothina kumatsegula puliti yoyamba yakumanzere, ndipo kusita kungachuluke bwanji siitsekeka.

Kusoka mapuliti ndi makina pamwamba kumasiya mzere wa ulusi woonekera pa mitundu yonse imene ulusiwo sukufanana nayo, komanso phazi la makina limakankha nsalu yapamwamba, mizere yopingasa n'kusemphana. Ngati mwapanikizika ndi nthawi, makina agwire lamba wapamwamba ndi layining'i, koma fell ikhale yapamanja.

Pali kulakwitsa kwina kumene kumachitika kilt itachoka kale m'manja mwanu, ndiye muuzeni mwiniwake pomupatsa. Mapuliti amakhala kumbuyo, epuloni kutsogolo, mphonje kudzanja lamanja. Pini yokongoletsa ija imabayidwa pa epuloni yapamwamba yokha, cha m'munsi kumbali ya mphonje. Akabaya maepuloni onse awiri pamodzi, nsalu imang'ambika akatambasula mwendo. Pokhala pansi azisalaza mapuliti ndi manja kuchokera kumbuyo. Asaiviike m'madzi kapena kuifikisa ndi sopo. Ikada aipititse kochapa zovala mosanyowetsa, ndipo ndi bwino kugwiriziranso mapuliti ndi ulusi woyera isanapite. Posunga aipachike ndi zopanira zingapo m'chiuno, m'thumba lansalu lotsekeka, chifukwa njenjete zimakonda kwambiri ubweya wa nkhosa.